Mmene mungaphunzirire fizikisi ya chaka choyamba ku koleji musakudziwa calculus yambiri

Ophunzira ambiri amene amasankhidwa kupita ku koleji kukachita maphunziro a zaumoyo, zaulimi kapena zauphunzitsi amapeza kuti m'chaka choyamba ayenera kuchita fizikisi, ndipo nkhawa yoyamba imene imawagwira imakhala ya calculus, gawo la masamu lonena za mmene zinthu zikusinthira. Amene sanachiteko Additional Mathematics ku sekondale amamva kwa anzawo kuti popanda calculus fizikisi siyendeka, mwakuti ena amafooka asanatsegule n'komwe buku. Nkhawa imeneyi ndi yaikulu kuposa vuto lenileni. Fizikisi imene imaphunzitsidwa kwa anthu osapita ku uinjiniya imayima pa aljebra, pa trigonometry pang'ono ndi pa luso lowerenga magalafu, ndipo calculus imene imafunikamo ndi mfundo ziwiri zokha zimene munthu angazimvetse ndi pensulo ndi rula tsiku limodzi masana. Zimene ndaona zikugwetsa ophunzira pa mayeso nthawi zambiri zimakhala zina: kulephera kusuntha zilembo mu equation, kusokoneza mayunitsi, ndi kuthamangira fomula asanamvetse chimene funso likunena.

Mbiri ya phunziroli ikuchitira umboni. Galileo Galilei anamwalira mu 1642, calculus isanatulukire, komabe anali atapeza kale lamulo la mmene zinthu zimagwera, pogubuduza timipira pa thabwa lopendekeka ndi kuyeza nthawi ndi madzi otuluka m'chotengera. Isaac Newton, amene ndi mmodzi mwa anthu awiri otulukira calculus pamodzi ndi Gottfried Leibniz, analemba buku lake la Principia la mu 1687 makamaka ndi zojambula za geometry. Michael Faraday, yemwe anayamba moyo wake wantchito akumata mabuku ku London ndipo sanaphunzire masamu akuya, ndiye anapeza mu 1831 kuti maginito oyenda pafupi ndi waya amabweretsa magetsi, mfundo imene majenereta onse amagwirira ntchito mpaka lero. Sindikunena kuti masamu ndi osafunika, koma kuti kumvetsa mmene zinthu zimachitikira kumabwera koyamba.

Konzani aljebra semesita isanapite patali

Ntchito yoyamba, imene ndi bwino kuichita m'masabata awiri oyambirira kapena sukulu isanatsegulidwe, ndi kubwerera ku masamu a Fomu 3 ndi Fomu 4. Tengani fomula ngati v² = u² + 2as ndipo yesani kuisintha kuti a akhale yekha mbali imodzi, kenako s, kenako u, osalowetsamo nambala iliyonse. Ngati dzanja lanu likuzengereza pamenepa, dziwani kuti apa ndi pamene pali vuto lanu, osati pa calculus. Mukufunikanso kuthetsa ma equation awiri okhala ndi zosadziwika ziwiri, kuthetsa quadratic equation, ndi kuwerengera manambala olembedwa ngati 3.0 × 10⁸ kapena 1.6 × 10⁻¹⁹ popanda kutaya chizindikiro cha kuchotsa.

Pa trigonometry mukufunika zochepa: sine, cosine ndi tangent mu thirayango yokhala ndi ngodya ya madigiri 90, pamodzi ndi lamulo la Pythagoras. Chinthu chaching'ono chimene chimawononga mayeso a anthu ambiri ndi kakyuleta imene yaikidwa pa ma radian m'malo mwa madigiri. Musanayambe ntchito iliyonse, dinani sin 30; ikakupatsani 0.5 ndiye kuti ili bwino.

Mawu amodzi a Chichewa, zinthu zitatu za fizikisi

Ife olankhula Chichewa tili ndi vuto lathulathu limene mabuku ochokera kunja salitchula. Mawu akuti mphamvu timawagwiritsa ntchito pa zinthu zitatu zimene fizikisi imazisiyanitsa kwambiri, zomwe ndi force, energy ndi power. Chimodzimodzinso mawu akuti kulemera timawagwiritsa ntchito pa mass ndi weight. Munthu amene amawerenga m'Chingerezi koma n'kumaganiza m'Chichewa, monga timachitira ambirife, angathe kuphatikiza zinthuzi m'mutu mwake osazindikira, ndipo zikatero mutu wonse wa mechanics, wonena za kayendedwe ka zinthu, umaoneka ngati chisokonezo.

Njira yothetsera zimenezi ndi kumangiriza liwu lililonse ku yuniti yake ndi ku chitsanzo chimodzi chodziwika. Ndowa ya madzi ya malita 20 ili ndi mass ya makilogalamu pafupifupi 20, ndipo mass imeneyi siisintha ngakhale mutapita nayo ku mwezi. Dziko limakoka ndowayo ndi force ya ma newton 196, chifukwa 20 kuchulukitsa ndi 9.8 (nambala ya kukoka kwa dziko, imene timaitcha g) ndi 196, ndipo imeneyo ndiyo weight yake. Mukainyamula kuchoka pansi kufika pamalo okwera mamita 2, mwagwiritsa ntchito energy ya ma joule 392. Mukachita zimenezo m'masekondi 2, power yanu ndi ma watt 196, koma mukachita pang'onopang'ono m'masekondi 8, energy ndi yomweyo pamene power yatsika kufika pa ma watt 49. Ndowa imodzi yakupatsani mawu onse asanu, ndipo nthawi iliyonse imene mwasokonezeka mukhoza kubwerera kwa iyo.

Mfundo ziwiri za calculus zimene zimafunikadi

Pano ndi pofunika kudekha, chifukwa amene wamvetsa gawo ili sadzachitanso mantha akaona zizindikiro zachilendo pa bolodi. Calculus imayankha mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti chinthu chikusintha mofulumira bwanji pa kamphindi kano, ndipo yankho lake ndi kupendekeka kwa mzere pa galafu, kumene m'kalasi timati gradient. Lachiwiri ndi lakuti zosintha zonse zikaphatikizidwa zikukwana zingati, ndipo yankho lake ndi kukula kwa malo amene ali pansi pa mzere wa galafuyo. Derivative ndi dzina la loyambalo, integral ndi dzina la lachiwirilo.

Tiyambe ndi loyamba. Mwala ukagwa kuchokera pamwamba, mtunda umene wagwa pakatha masekondi t ndi 4.9t² mamita, ngati sitikuwerengera kukana kwa mpweya. Pakatha sekondi imodzi wagwa mamita 4.9, pakatha masekondi awiri mamita 19.6, pakatha atatu mamita 44.1. Onani kuti m'sekondi yoyamba wayenda 4.9, m'yachiwiri 14.7, m'yachitatu 24.5, kutanthauza kuti mitundayi ikukula motsatira manambala 1, 3, 5, zomwe Galileo anaziona pa thabwa lake lija. Tsopano funso: mwalawo ukuthamanga bwanji pa sekondi yachiwiri yeniyeniyo? Tengani kakyuleta. Pa t = 2.1 mtunda ndi 21.609, choncho m'kanthawi ka 0.1 mwala wayenda 2.009, ndipo kugawa kumatipatsa mamita 20.09 pa sekondi. Chepetsani kanthawiko kufika pa 0.01: pa t = 2.01 mtunda ndi 19.79649, kusiyana kwake ndi 0.19649, ndipo liwiro likutuluka 19.649. Mukapitiriza kuchepetsa, nambalayi imayandikirabe 19.6, yomwe ndi 9.8 kuchulukitsa ndi 2. Zimene mwachitazi ndiye derivative, ndipo chizindikiro cha dx/dt chimene aphunzitsi amalemba sichitanthauza china koma kusintha kwakung'ono kwa mtunda kugawa ndi kusintha kwakung'ono kwa nthawi. Ndikukulimbikitsani kuti muwerengere nokha manambalawa m'malo mongowawerenga pano, chifukwa kuona ndi maso anu nambala ikuyandikira 19.6 kumakhazikika m'mutu kuposa tanthauzo loloweza.

Lachiwiri ndi losavuta kuposa pamenepa. Minibasi ikunyamuka pa siteji ndipo liwiro lake likukwera mofanana kuchoka pa 0 kufika pa mamita 20 pa sekondi, omwe ndi makilomita 72 pa ola, m'masekondi 10. Jambulani galafu ya liwiro ndi nthawi: mupeza mzere wowongoka wokwera. Kupendekeka kwake ndi 20 kugawa ndi 10, ndiye kuti acceleration, kutanthauza mmene liwiro likusinthira pa sekondi iliyonse, ndi 2 m/s². Malo a pansi pa mzerewo ndi thirayango, ndipo kukula kwake ndi theka la 10 kuchulukitsa ndi 20, omwe ndi mamita 100, mtunda umene minibasi yayenda. Theka limene limapezeka mu fomula ya s = ut + ½at² (s ndi mtunda, u ndi liwiro loyambira, a ndi acceleration, t ndi nthawi) limachokera pa thirayango imeneyi, pamene ut ndi rekitango imene imakhala pansi pake ngati galimoto inali kale pa liwiro. Thirayango yomweyi mudzakumana nayonso pa energy ya sipuling'i, ½kx², ndiponso pa energy ya capacitor (kachipangizo kosunga magetsi), ½CV², chifukwa m'zonsezi chinthu china chikukula mofanana kuchokera pa ziro. Munthu amene wazindikira zimenezi amasiya kuloweza mafomula ngati mndandanda wa mayina osagwirizana. Ndipo ngati mzere uli wokhota, mukhoza kuwerenga timabokosi ta pa pepala la galafu n'kupeza yankho loyandikira kwambiri.

Jambulani musanalembe fomula

Funso lililonse la mechanics liyambeni ndi chithunzi, ngakhale likuoneka lophweka. Jambulani chinthu chimene funso likunena ngati kabokosi, ndipo ikani muvi pa force iliyonse imene ikuchikoka kapena kuchikankha: kukoka kwa dziko, kukankha kwa pansi pamene chakhala, kukoka kwa chingwe, friction (kukhulana kwa zinthu zogundana). Pa muvi uliwonse dzifunseni kuti ndi chinthu chiti chimene chikuchititsa force imeneyi. Ngati simungatchule chinthucho, fufutani muviwo. Ophunzira ambiri amajambula muvi wolozera kumene chinthu chikupita pongoganiza kuti chinthu choyenda chiyenera kukhala ndi chochikankha, ndipo maganizo amenewa, ngakhale amaoneka omveka chifukwa tinazolowera kuona ngolo ikuima ng'ombe zikaleka kukoka, ndi amene lamulo loyamba la Newton limawatsutsa. Chimene chimaimitsa ngolo ndi friction, osati kusowa kwa chokoka.

Force ikakhala yopendekeka, igaweni pawiri. Mukamakoka thumba la chimanga pansi ndi chingwe chopendekeka madigiri 30, ndi force ya ma newton 100, gawo limene likukokera kutsogolo ndi 100 cos 30, pafupifupi ma newton 87, pamene gawo limene likukwezera m'mwamba ndi 100 sin 30, ma newton 50. Gawo lokwezera m'mwambali limachepetsa mmene thumba likupanikizira pansi, motero limachepetsanso friction, ndipo ichi ndi chifukwa chake kukoka katundu kumapepuka kuposa kumukankha motsamira. Mukatha kugawa, lembani F = ma (force ndi mass kuchulukitsa ndi acceleration) kawiri, kamodzi kwa mbali yopingasa ndi kamodzi kwa mbali yoimirira. Gwirani ntchito ndi zilembo mpaka kumapeto, manambala muwalowetse pomaliza, kuti mukalakwitsa muthe kuona pamene mwaphonya ndiponso kuti wochonga akupatseni malikisi a njira.

Mayunitsi ndi kuyesa yankho

Sinthani zonse zikhale mamita, makilogalamu ndi masekondi musanayambe kuwerengera, ndipo lembani yuniti pambali pa nambala iliyonse. Kusintha makilomita pa ola kukhala mamita pa sekondi n'kugawa ndi 3.6. Ngakhale akatswiri amagwa pa zimenezi: mu September 1999 bungwe la NASA linataya chombo cha Mars Climate Orbiter chifukwa pulogalamu ya gulu lina inkapereka manambala m'mayunitsi a mapaundi pamene gulu lolandira linkawatenga ngati ma newton.

Mayunitsi amathandizanso kugwira fomula yolakwika. Ngati mwaiwala kuti nthawi ya pendulum (kamwala kolendewera pa ulusi wotalika L) ili ndi L/g kapena g/L, onani mayunitsi: mamita kugawa ndi mamita pa sekondi pa sekondi zimasiya masekondi kuchulukitsa ndi masekondi (s²), ndipo square root yake ndi masekondi, choncho L/g ndiye yolondola. Mukapeza yankho, lifunseni ngati ndi lomveka. Mango akagwa kuchokera pa nthambi ya mamita 5 amafika pansi pakangodutsa sekondi imodzi, pa liwiro la mamita pafupifupi 10 pa sekondi. Ngati kakyuleta yakupatsani masekondi 40, musalembe yankholo.

Energy ngati njira yachidule

Mafunso ambiri amene akanafuna calculus amatheka ndi aljebra mukagwiritsa ntchito lamulo lakuti energy siitayika koma imangosintha mtundu. Njinga yotsika phiri lokhotakhota imakhala ndi acceleration yosinthasintha, ndipo kuitsatira sekondi ndi sekondi n'kovuta, koma ngati friction ndi yochepa mungolemba mgh = ½mv² (m ndi mass, h ndi kutalika kwa phiri, v ndi liwiro) n'kupeza liwiro la kumunsi popanda kudziwa mmene msewu unakhotera. Fomula yomweyi ikufotokoza chifukwa chake galimoto yothamanga kuwirikiza kawiri imafuna mtunda wowirikiza kanayi kuti iime mabuleki akagwira. Ikufotokozanso magetsi a pa mtsinje wa Shire ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira: madzi a malita 1,000, omwe ndi makilogalamu 1,000, akatsika mamita 10 amapereka ma joule 98,000, ndipo makina amasandutsa gawo lalikulu la energy imeneyi kukhala magetsi.

Mitu ya kutentha ndi magetsi nayonso imatheka ndi kuchulukitsa ndi kugawa. Ketulo ya ma watt 2,000 yolumikizidwa ku magetsi a mavolti 230 imakoka ma ampere pafupifupi 8.7. Kuwiritsa lita imodzi ya madzi kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 100 kumafuna ma joule pafupifupi 335,000, zomwe ketuloyo ingachite m'mphindi zosakwana zitatu ngati kutentha sikukutayikira kunja. Yuniti imodzi ya magetsi imene timagula ndi kilowatt-hour imodzi, ma joule 3,600,000, choncho yuniti imodzi ingawiritse lita imodzi maulendo pafupifupi 10. Kuwerengera zinthu za m'nyumba mwanu motere ndi kubwereza kwabwino kuposa kuwerenganso manotsi kachitatu.

Kagawidwe ka nthawi yanu

Fizikisi siilowa powerenga kokha ngati nkhani. Tsiku loti mawa kuli kalasi, werengani mutuwo mothamanga kuti mawu atsopano asakudzidzimutseni. Mukatuluka m'kalasi, tsiku lomwelo, tengani chitsanzo chimene aphunzitsi anachita, phimbani yankho lake ndi pepala, ndipo chichiteni nokha kuyambira pachiyambi. Mudzadabwa kuona kuti chimene chinkaoneka chomveka pa bolodi chikukukanikani pa mzere wachiwiri, ndipo pamene mwakanikapo ndi pamene pali chimene simunamvetse. Mafunso asanu kapena asanu ndi limodzi tsiku lililonse amapindulitsa kuposa mafunso 40 usiku woti mawa ndi mayeso. Funso likavuta, limbanani nalo kwa mphindi 15 kapena 20 musanayang'ane yankho, ndipo mukayang'ana, onani mzere umodzi wokha kenako mupitirize nokha. Sungani kope lapadera lolembamo zolakwitsa zanu ndi chifukwa chake, popeza munthu amabwereza zolakwitsa zamtundu umodzi, ndipo pakatha mwezi mudzaona kuti zanu ndi zitatu kapena zinayi zokha zimene zimabwerabwera.

Gulu lowerengera limodzi ndi lothandiza ngati aliyense wabwera atayesa kale mafunsowo payekha. Kupanda kutero, mmodzi amachita ntchito ena n'kumakopera, ndipo onse amabalalika akuganiza kuti amvetsa. Pokambirana, fotokozeranani m'Chichewa chimene funso likunena musanalembe chilichonse. Amene angathe kufotokozera mnzake m'chinenero cha kwawo chifukwa chake mpira woponyedwa m'mwamba umakhalabe ndi acceleration ya 9.8 m/s² pamene waima kamphindi pamwamba penipeni, ameneyo wamvetsadi.

Posankha buku, onani ngati ndi la aljebra kapena la calculus, chifukwa mabuku a chaka choyamba ali mitundu iwiri ndipo mayina awo amafanana. Kawirikawiri amene amatchedwa College Physics ndi a aljebra, pamene otchedwa University Physics kapena olembedwera asayansi ndi mainjiniya amagwiritsa ntchito calculus. OpenStax, ya pa Rice University ku America, imapereka mwaulere pa intaneti mabuku a mitundu yonse iwiri, ndipo mungawatsitse kamodzi pa foni n'kumawerenga popanda bandulo. Zoyeserera za PhET za pa University of Colorado Boulder, zimene anayambitsa Carl Wieman mu 2002, zimakulolani kulumikiza mawaya a magetsi (circuit) kapena kusintha kutalika kwa pendulum pa kompyuta n'kuona zotsatira zake, ndipo nazonso ndi zaulere.

Musapeputse ntchito ya mu labu, ndipo ngati zipangizo ndi zochepa, zina mungazichite kunyumba. Mangani kamwala ku ulusi wotalika mita imodzi, kakankheni pang'ono, ndipo yezani ndi wotchi ya pa foni nthawi ya maulendo 20 opita ndi kubwera. Mupeza masekondi pafupifupi 40, kutanthauza masekondi 2 pa ulendo umodzi, ndipo fomula ya g = 4π²L/T² ikupatsani nambala yoyandikira 9.8. Bwerezani ndi ulusi wa kutalika kosiyanasiyana, jambulani galafu ya T² ndi L, ndipo mupeza mzere wowongoka umene kupendekeka kwake kukuthandizani kupeza g molondola kuposa muyezo umodzi.

Pamene njira iyi imathera

Pali malo amene aljebra siifika, ndipo ndi bwino kuwadziwiratu. Fomula ya pendulum ija mungaigwiritse ntchito popanda calculus, koma kuonetsa kumene inachokera kumafuna calculus. Chimodzimodzinso kugwa kwa chinthu pamene mpweya ukuchikana, moment of inertia ya ndodo kapena ya gudumu, kudzaza ndi kutha kwa capacitor, ndi malamulo a Gauss ndi Ampère onena za magetsi ndi maginito. M'kosi ya aljebra zotsatira za zinthuzi zimangoperekedwa, ndipo ntchito yanu ndi kudziwa pamene fomula iliyonse imagwira ntchito ndi pamene siigwira: mafomula a s = ut + ½at² ndi anzake amafuna acceleration yosasintha, ndipo fomula ya pendulum imafuna kuti ngodya ikhale yaing'ono. Lembani malire amenewa pambali pa fomula iliyonse m'kope lanu.

Ngati kosi yanu ndi ya calculus, kapena mukufuna kupitiriza ndi fizikisi kapena uinjiniya m'chaka chachiwiri, musadalire njira zolambalala zokha. Funsani aphunzitsi anu sabata yoyamba kuti ndi calculus yochuluka bwanji imene imabwera pa mayeso, ndipo onani mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo ku laibulale. Kenako phunzirani malamulo ochepa awa motsatana: derivative ya tⁿ ndi ntⁿ⁻¹, derivative ya sine komanso ya cosine, derivative ya exponential, ndi integral monga kubweza zonsezi m'mbuyo. Lamulo loyambalo liyeseni pa mwala uja: derivative ya 4.9t² ndi 9.8t, ndipo pa t = 2 ikupereka 19.6, nambala yomwe ija munaipeza ndi kakyuleta.